Kompyuta Imodzi, Madisiki Angapo

Mu tawuni ya Livingstone ku Zambia ntchito zambiri zimadalira zithunzi ndi mavidiyo. Mlendo amene walumpha pa mlatho wa Victoria Falls atamangidwa chingwe m'miyendo amafuna kupita kwawo ndi vidiyo yake. Amene wapalasa bwato la mphira m'mafunde a ku Batoka amafunanso yake. Ku Maramba, ku Dambwa, ku Libuyu ndi ku Linda kuli ojambula maukwati ndi zinkhoswe, kuli masitudiyo ojambula makwaya, komanso timashopu tolemba makalata, kusindikiza ndi kuika nyimbo m'mafoni.

Anthu onsewa tsiku lina amakumana ndi vuto limodzi. Mzere wosonyeza malo otsala mu kompyuta umasanduka wofiira, kompyuta imayamba kukwawa, ndipo mwini wake amayamba kufufuta ntchito ya mwezi watha kuti ya lero ipeze polowa. Sizodabwitsa. Kamera yojambula vidiyo ya 4K pa mlingo wa 100 megabit pa sekondi imadya 45 GB pa ola limodzi. Disiki ya 500 GB, imene imapezeka m'makompyuta ambiri ogulidwa kaunjika, ingadzaze ndi maukwati awiri kapena atatu okha.

Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kugula kompyuta ina. Komatu kompyuta ya patebulo anaipanga m'njira yoti itha kunyamula madisiki awiri, atatu kapena kupitirira, ndipo munthu wodekha atha kuwaikamo yekha. M'nkhani ino tiona mmene ntchitoyi imagwiridwira, komanso mmene mungagawire madisikiwo ntchito kuti imodzi ikafa musalire.

Disiki ndi chiyani?

Kompyuta ili ndi malo awiri okumbukira zinthu. Oyamba ndi RAM, amene amagwirizira zimene mukuchita pa nthawiyo ndipo amaiwala zonse magetsi akangozima. Achiwiri ndi disiki, imene imasunga zinthu ngakhale kompyuta itakhala yozima miyezi. Windows, mapulogalamu, zithunzi, nyimbo ndi makalata anu, zonse zimagona mu disiki.

Disiki imene anthu amaitcha hard drive ndi kabokosi kachitsulo kolemera pafupifupi theka la kilogalamu. M'kati mwake muli mbale zosalala zopakidwa maginito, zimene zimazungulira maulendo 5,400 kapena 7,200 pa mphindi imodzi. Pamwamba pa mbalezo pamayenda kamkono kokhala ndi kamutu kolemba ndi kuwerenga. Kamutuko sikakhudza mbale, kamangoyandama pa kamphepo kamene kamabwera ndi kuzungulirako. Kompyuta ikagwedezeka mwamphamvu ili m'kati mogwira ntchito, kamutuko katha kukanda mbale, ndipo zimene zinali pamalopo zimapita.

Disiki yoyamba ya mtundu uwu inapangidwa ndi kampani ya IBM ku America mu 1956. Inali ndi mbale 50, iliyonse yotambalala masentimita 61, ndipo inkasunga zilembo 5 miliyoni zokha, malo ongokwana chithunzi chimodzi kapena ziwiri za pa foni ya lero. Masiku ano malo timawayeza m'ma GB ndi m'ma TB, ndipo 1 TB ndi 1,000 GB. Makampani amene atsala akupanga ma hard drive ndi atatu: Seagate, Western Digital ndi Toshiba.

Mitundu itatu imene mungaipeze

Mtundu woyamba ndi hard drive yomwe tafotokozayi. Ya kompyuta ya patebulo imatchedwa ya mainchesi 3.5, ya laputopu ya mainchesi 2.5. Ubwino wake ndi wakuti imapereka malo ambiri pa mtengo wotsika. Kuipa kwake ndi kuchedwa: imawerenga pakati pa 100 ndi 200 MB pa sekondi.

Mtundu wachiwiri ndi SSD. Iyi ilibe chilichonse chozungulira m'kati, imasunga zinthu m'timachipu monga imachitira fulashi. Siichita phokoso, siiopa kugwedezeka, ndipo imafika pa 500 MB pa sekondi. Kompyuta yakale imene inkatenga mphindi ziwiri kuti iyake, ikalandira SSD imayaka m'masekondi owerengeka.

Mtundu wachitatu ndi SSD yopyapyala, yotalika masentimita 8, yotchedwa M.2. Iyi siifuna chingwe, imalowa pa kampata kake pa motherboard, thabwa lalikulu la m'kati mwa kompyuta, n'kumangidwa ndi kasikuluu kamodzi. Za mtundu wa NVMe zimapitirira 3,000 MB pa sekondi. Makompyuta akale ambiri alibe kampata kameneka.

Disiki iliyonse ikhale ndi ntchito yake

Mayi wosamala sasunga chimanga chake chonse pamalo amodzi. Ufa wa lero umakhala m'chidebe pafupi ndi moto, chimanga cha chaka chonse m'nkhokwe, ndipo mbewu imabisidwa payokha kuti anankafumbwe akalowa m'nkhokwe banja lisasowe chobzala. Madisiki nawonso afunika kuwagawa motero.

Disiki yoyamba ndi ya Windows ndi mapulogalamu. Iyi ikhale SSD, ndipo 250 GB kapena 500 GB ndi yokwana. Disiki yachiwiri ndi ya ntchito yanu: zithunzi, mavidiyo, nyimbo ndi makalata. Apa hard drive ya 1 TB, 2 TB kapena 4 TB ndiyo yoyenera. Disiki yachitatu ntchito yake ndi imodzi basi, kusunga kope la zonse zimene zili mu yachiwiri.

Phindu la kagawidwe kameneka limaoneka tsiku limene Windows yakana kuyaka. Amene ali ndi disiki imodzi amapita kwa okonza makompyuta mtima uli m'mwamba, poopa kuti pofomata apita nazo ntchito zonse za makasitomala. Amene anagawa amangoikanso Windows pa SSD, ntchito yake ili phee mu disiki ina.

Ena amadula disiki imodzi m'zigawo ziwiri, C ndi D, n'kumaganiza kuti ali ndi madisiki awiri. Zigawozo zimathandiza pa dongosolo, koma zonse zili pa mbale zomwezo. Disikiyo ikafa, C ndi D zimafera limodzi.

Musanagule, tsegulani bokosi

Musatulutse ndalama musanaone m'kati mwa bokosi la kompyuta yanu. Pali zinthu zinayi zoti muyang'ane.

Choyamba, malo omangirira. Mabokosi akuluakulu oimirira amakhala ndi timashelefu ta madisiki tiwiri kapena tinayi. Koma makompyuta ang'onoang'ono ochoka m'maofesi, monga ambiri a Dell OptiPlex ndi HP, kawirikawiri ali ndi malo a disiki yaikulu imodzi yokha. M'bokosi lotere mutha kuwonjezera SSD, popeza ndi yaing'ono, kapena kuchotsa choimbira ma DVD ngati simuchigwiritsa ntchito n'kuikapo disiki.

Chachiwiri, timabowo ta SATA. Motherboard ndi thabwa lalikulu lija limene zinthu zonse zimalumikizidwapo. Cha m'mphepete mwake mupeza timabowo tating'ono tokhala ndi kalilime kopindika ngati chilembo L, tolembedwa SATA0, SATA1, SATA2. Werengani topanda kanthu. Disiki iliyonse imafuna kabowo kake. Ngati motherboard ili ndi malo a M.2, onani buku lake, chifukwa pa ma motherboard ena mukaika M.2 kabowo kamodzi ka SATA kamasiya kugwira ntchito.

Chachitatu, nthambo za magetsi. Zimachokera ku kabokosi kokhala ndi fani kotchedwa power supply. Yang'anani ngati pali pulagi yakuda, yafulati, yopanda ntchito. Ngati palibe, m'mashopu mumapezeka chingwe chogawa pulagi imodzi kukhala ziwiri. Hard drive imodzi imadya mawati osapitirira 10 ikamagwira ntchito, choncho kuwonjezera imodzi kapena ziwiri sikulemetsa power supply yabwino.

Chachinayi, chingwe cha SATA. Disiki yatsopano nthawi zambiri imabwera yopanda chingwe, ndiye gulani pamodzi. Chokhala ndi kachitsulo kokola ndicho chabwino, sichisololoka chokha.

Ngati mukugula disiki yogwiritsidwapo kale ntchito, pemphani wogulitsa ailumikize muli pomwepo, n'kutsegula pulogalamu yaulere yotchedwa CrystalDiskInfo. Disiki iliyonse imalemba yokha mbiri ya umoyo wake, ndipo pulogalamuyi imaonetsa maola amene yagwira ntchito ndi mmene ilili. Ikaonetsa Good pa mtundu wa buluu, ili bwino. Ikaonetsa Caution pa mtundu wachikasu, isiyeni ngakhale mtengo utatsika bwanji.

Kumangirira disiki

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito iyi ndi ya theka la ola, ndipo chida chake ndi sikuludiraiva ya nyenyezi.

Zimitsani kompyuta, zulani chingwe ku khoma, kenako dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo kuti magetsi otsalira athe. Gonekani bokosi patebulo n'kuchotsa chivundikiro cha m'mbali. Musanagwire chilichonse m'kati, gwirani kaye chitsulo cha bokosilo. Thupi la munthu limasunga timagetsi, tomwe tija timathetheka povula juzi, makamaka m'miyezi youma ya Juni mpaka Okutobala, ndipo titha kupha chipangizo inu osamva kalikonse. Power supply musaitsegule konse, chifukwa imasunga magetsi oopsa ngakhale itazulidwa.

Gwirani disiki m'mbali, zala zisakhudze kathabwa kobiriwira ka kunsi kwake. Ilowetseni m'kashelefu, mabowo ake ataloza ku motherboard, n'kumanga masikuluu onse anayi. Disiki yolendewera imanjenjemera, ndipo kunjenjemera kumaifupikitsa moyo. Ngati malo alipo, siyani mpata pakati pa disiki ndi inzake kuti mphepo izidutsa.

Tsopano lumikizani zingwe ziwiri. Chaching'ono, cha mano 7, ndicho chonyamula uthenga, chimachoka pa disiki kupita pa motherboard. Chachikulu, cha mano 15, ndi cha magetsi. Zonse zili ndi kakona ka L, choncho zimalowa mbali imodzi yokha. Chikakana musakakamize, chitembenuzeni. Kapulasitiki ka pa disiki kakathyoka, kukonza kwake n'kovuta. Disiki ya Windows ilumikizeni pa kabowo ka nambala yotsika, SATA0 kapena SATA1.

Amene ali ndi kompyuta yakale kwambiri apeza chingwe chotambalala cha mano 40, chotchedwa IDE, chimene chinkanyamula madisiki awiri. Pamenepo munthu ankayenera kusuntha kapulasitiki kakang'ono kumbuyo kwa disiki, kuti imodzi ikhale Master inayo Slave. Pa SATA zimenezi kulibe.

Kuuza kompyuta disiki yoyambira

Kompyuta ikamayaka, Windows isanabwere, pamakhala kapulogalamu ka pa motherboard kotchedwa BIOS kapena UEFI, kamene kamasankha disiki yoyambira. Kuti mulowemo, dinani batani lake mobwerezabwereza mukangoyatsa: F2 pa Dell, F10 pa HP, Delete kapena F2 pa makompyuta ena ambiri.

Onani ngati madisiki onse akuoneka pa mndandanda. Ngati yatsopano palibe, zimitsani, zulani ku khoma, n'kukankhanso zingwe zonse ziwiri, pakuti kawirikawiri vuto limakhala chingwe chosalowa bwino. Kenako pitani pamene palembedwa Boot Order n'kuonetsetsa kuti disiki ya Windows, kapena mawu akuti Windows Boot Manager, ali pamwamba.

Nali langizo limene okonza makompyuta odziwa ntchito amalitsata. Mukamaika Windows yatsopano pa SSD, zulani kaye madisiki ena onse, n'kuwabwezera mukamaliza. Mukapanda kutero, Windows itha kuika mafayilo ake oyatsira pa disiki ina, ndipo tsiku limene mudzachotse disikiyo kompyuta idzakana kuyaka. Kuzulako kumakutetezaninso kuti musafomate disiki yolakwika.

Kuionetsa mu Windows

Ambiri amataya mtima pano. Disiki yamangidwa, BIOS yaiona, koma mu This PC mulibe. Sikuti ndi yakufa ayi, yangotsala kukonzedwa.

Dinani batani lakumanja la mausi pa Start, sankhani Disk Management. Windows ikuuzani kuti pali disiki yatsopano, n'kufunsa ngati mukufuna MBR kapena GPT. Awa ndi mitundu iwiri ya kaundula wa zigawo za disiki. MBR ndi wakale ndipo saona malo opitirira 2 TB, choncho disiki ya 4 TB yoikidwa pa MBR imataya theka la malo ake. Sankhani GPT.

Disikiyo ioneka ndi mzere wakuda wolembedwa Unallocated, kutanthauza malo osagawidwa. Dinani pamenepo ndi batani lakumanja, sankhani New Simple Volume, vomerani kukula konse, n'kuipatsa chilembo monga D kapena E. Zilembo A ndi B zinali za timadisiki takale ta floppy, n'chifukwa chake Windows imayambira pa C. Pa funso la file system sankhani NTFS. Ngati ndi disiki yakunja yoti izigwiranso pa makompyuta a Apple, sankhani exFAT. FAT32 siyenera munthu wa mavidiyo, chifukwa imakana fayilo yopitirira 4 GB. Ipatseninso dzina lomveka, monga NTCHITO kapena KOPE, kuti musamaisokoneze ndi inzake.

Mukaona disiki ya 1 TB ikuonetsa 931 GB, simunaberedwe. Opanga madisiki amawerenga m'magulu a 1,000 pamene Windows imawerenga m'magulu a 1,024.

Chenjezo lalikulu ndi ili: kufomata kumafufuta zonse. Ngati disiki imene mwaika ili ndi zinthu zakale zofunika ndipo Windows ikukupemphani kuti muifomate, kanani, mukafunse wodziwa. Safunsa anadya phula.

Pomaliza, sinthani kumene zinthu zimasungidwa. Dinani ndi batani lakumanja pa foda ya Documents, sankhani Properties, kenako Location, kenako Move, n'kuloza ku disiki yatsopano. Chitani chimodzimodzi ndi Pictures, Videos ndi Downloads. Mukapanda kutero, C idzadzazanso D ili yopanda kanthu.

Nanga RAID?

Mudzamva ena akutchula RAID. Dzinali linatchuka mu 1988 ndi akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, ndipo ndi njira yophatikiza madisiki angapo kuti kompyuta iziwaona ngati imodzi.

Pa RAID 0 fayilo imadulidwa, zidutswa zina kupita ku disiki yoyamba, zina ku yachiwiri. Liwiro limakwera, koma imodzi ikafa zonse zatayika. Pa RAID 1 chilichonse chimalembedwa pa madisiki onse awiri nthawi imodzi. Madisiki awiri a 2 TB amapereka malo a 2 TB okha, koma imodzi ikafa ntchito siima. Mu Windows muli njira yochitira zofanana ndi zimenezi yotchedwa Storage Spaces.

RAID 1 ndi yothandiza pa malo monga ofesi ya loji yolandira alendo, imene singatseke tsiku lonse kudikira okonza. Koma imateteza ku vuto limodzi lokha, kufa kwa disiki. Mukafufuta foda molakwitsa, imafufutika mbali zonse ziwiri. Vayirasi ikalowa, imawononga mbali zonse ziwiri. Kwa wojambula kapena mwini shopu, kukopera ntchito ku disiki yachitatu madzulo aliwonse n'kosavuta ndiponso n'kodalirika. Windows ili ndi File History, imene imakopera yokha pa nthawi imene mwaiuza.

Kutentha, fumbi ndi magetsi

Ku Livingstone mwezi wa Okutobala kutentha kumafika madigiri 35 n'kupitirira, ndipo m'shopu ya malata kumaposa pamenepo. Madisiki atatu m'bokosi limodzi amawonjezera kutentha kwawo. CrystalDiskInfo imaonetsanso kutentha kwa disiki iliyonse. Ikamakhalira pamwamba pa madigiri 50, ikani fani kutsogolo kwa bokosi kuti izipemerera madisikiwo.

Dothi la tawuniyi ndi lamchenga, ndipo fumbi lake limatseka mafani. Musaike bokosi pansi pa simenti, likwezeni patebulo, ndipo muzilipemerera ndi blower miyezi ingapo iliyonse litazulidwa ku khoma.

Magetsi ndiwo mdani wamkulu. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku damu la magetsi la Kariba, ndipo dziko lonse la Zambia linkakhala maola ambiri pa tsiku lopanda magetsi. Magetsi akazima disiki ili m'kati molemba, fayilo itha kuwonongeka, ndipo akabwera ndi mphamvu atha kutentha zipangizo. UPS, kabokosi ka batire koikidwa pakati pa khoma ndi kompyuta, kamakupatsani mphindi zingapo zoti musunge ntchito n'kuzimitsa bwinobwino. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Malichi, ziphaliwali zikayamba zulani kompyuta ku khoma.

Kope lina likhale kunja kwa bokosi

Ku Livingstone Museum, nyumba yosungira zakale imene inakhazikitsidwa mu 1934, kuli makalata olembedwa ndi dzanja la David Livingstone, amene anamwalira mu 1873, ndipo akuwerengekabe. Pepala likasamalidwa limatha zaka zoposa 150. Opanga ma hard drive amapereka chitsimikizo cha zaka ziwiri mpaka zisanu zokha. Hard drive ina imachenjeza isanafe, imayamba kugogoda kapena kuchedwa potsegula mafoda. SSD itha kungofa mwadzidzidzi. Zinthu za mu kompyuta zimakhalitsa pokhapokha zikamakoperedwa kuchoka pa disiki yokalamba kupita pa yatsopano.

N'chifukwa chake akatswiri amalangiza lamulo la 3-2-1: makope atatu a chinthu chilichonse chofunika, pa zosungira za mitundu iwiri, limodzi likhale kumalo ena. Madisiki a m'bokosi akupatsani makope awiri, koma mphenzi, moto kapena wakuba amatenga bokosi lonse. Kope lachitatu likhale pa disiki yakunja ya USB imene mumapita nayo kunyumba mukatseka shopu. Makalata ndi mafayilo ang'onoang'ono mutha kuwasunganso pa intaneti, monga pa Google Drive, pomwe pali malo aulere a 15 GB.

Sankhani tsiku limodzi pa sabata lokopera, ndipo musaliphonye. Kamodzi pa mwezi tsegulani mafayilo angapo a m'kopelo kuti mutsimikize kuti akutseguka. Lembani pa disiki iliyonse chaka chimene munaigula, ndipo ikakwana zaka zisanu muipumitse pa ntchito yofunika ngakhale ikuoneka yamphamvu. Disiki ikafa mutha kugula ina tsiku lomwelo, koma banja limene linakukhulupirirani kuti mujambule ukwati wawo silingachitenso mwambowo kachiwiri. Ndalama za disiki yachiwiri ndi yachitatu muziziwerengera limodzi ndi za kamera ndi za lendi, chifukwa nazonso ndi mbali ya ntchito imene kasitomala amakulipirani.